Makina Anzeru Afika, Koma Woyesa Akhale Mwana

Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe anaphunzira pa sukulu yathu ino ndipo wakhala akuphunzitsa sayansi kwa zaka zambiri, analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza onse kuti nawonso amene sanathe kufika amve.



Ndiyambe ndi kuthokoza komiti chifukwa chondipatsa mpata uno. Mwandipempha kuti ndilankhulepo za makina amene atchuka kwambiri masiku ano, amene m'Chingerezi akuwatcha Artificial Intelligence, mwachidule AI. Ine ndiziwatchula kuti makina anzeru. Funso limene lili pamaso pathu ndi lakuti: kodi makinawa athandiza ana athu kuphunzira sayansi, kapena awasandutsa alesi? Funsoli si lamacheza ayi, pakuti lero lomwe lino tikambirana za kumene tiike ndalama zimene timasonkha, ndipo ndalamazo n'zochepa. Ena mwa ife akuti tigule makompyuta ndi kulumikiza intaneti. Ena akuti zimenezo n'za m'tauni, ife tisataye nazo nthawi. Maganizo anga ndi akuti makinawa tiwalandire, koma tiwalandire tikudziwa kuti sayansi ndi kuyesa, ndipo woyesayo ayenera kukhala mwana mwiniwake.

Kodi makinawa ndi chiyani?

Poyamba tichotse mantha. M'makinawa mulibe mzimu, mulibenso kamunthu kobisala monga tinkaganizira za wailesi tili ana. Nkhani yake ndi yakale ndithu. M'chaka cha 1950 katswiri wa masamu wa ku Britain, Alan Turing, analemba nkhani yofunsa ngati makina angathe kuganiza. Mu 1956 akatswiri ena, motsogozedwa ndi John McCarthy, anakumana pa Dartmouth College ku America, ndipo dzina loti Artificial Intelligence linafala kuchokera pamenepo. Mu 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse pa masewero a chesi. Koma chimene chadzetsa phokoso lonseli ndi ChatGPT, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu November 2022, chifukwa tsopano munthu wamba akutha kulemba funso pa foni, makina n'kumuyankha ngati munthu mnzake.

Nanga makinawa amaphunzira bwanji? Taganizirani za mayi amene wagulitsa manachesi pa Mwanza kwa zaka 20. Mayi ameneyu amangoyang'ana makoko ndi kumva kulemera kwa chipatso m'manja, basi wadziwa kale kuti awa ndi otsekemera, awa ndi owawasa, awa alowa mphutsi. Palibe anamulembera malamulo ake. Wadziwa chifukwa manachesi ambirimbiri apita m'manja mwake. Makina nawonso amaphunzitsidwa motero. Amawaonetsa zithunzi zikwizikwi za masamba odwala ndi masamba abwino, chilichonse ndi dzina lake, kufikira atayamba kusiyanitsa okha.

Makina olankhula aja, monga ChatGPT, anawawerengetsa zolembedwa zochuluka zedi, zoti munthu sangazimalize ngakhale atakhala ndi moyo zaka 1,000. Ntchito yawo ndi kulosera mawu otsatira. Ine ndikanena kuti "mutu umodzi", nonse muno mumaliza kuti "susenza denga". Simunapite kukasenza denga kuti mutsimikize. Mwangomaliza chifukwa mwambiwo munaumva kambirimbiri. Makinawa amachita zomwezo, kungoti amazichita mwaluso lodabwitsa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mphamvu yawo ndi kufooka kwawo komwe.

Zafika kale kuno kwathu

Amene akuti izi n'za kunja okhaokha atsalira. Ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anachita kafukufuku wogwiritsa ntchito kompyuta powerenga zithunzi za X-ray za m'chifuwa pofufuza chifuwa chachikulu. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ndipo zinaonetsa kuti odwala ankayamba kulandira mankhwala msanga. Chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza njira yowerenga zithunzi ndi kompyutayi kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. M'dziko ngati lathu, mmene madokotala odziwa kuwerenga zithunzi zotere ali owerengeka, ichi n'chinthu chachikulu.

Ku ulimi nakonso zafika. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa ndi alimi pologalamu yotchedwa Ulangizi, imene imayankha mafunso m'Chichewa ndi m'Chingerezi kudzera pa WhatsApp. Mlimi atha kutumiza chithunzi cha mbewu yake yodwala, ndipo mayankho ake amachokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe. Popeza alimi ambiri alibe mafoni amakono, pamakhala wina pamudzi amene amasunga foni ndi kuthandiza anzake kufunsa.

Ku maphunziro, sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo inatsegula malo ophunzitsira ndi kufufuza za makina anzeru mu October 2023. Ku MUBAS, imene ife timaidziwa ndi dzina lakale la Polytechnic, kuli kagulu ka ofufuza kotchedwa Kuyesera AI Lab, kamene mwa zina kakhala kakusonkhanitsa zolembedwa m'Chichewa kuti makina aziphunzirirapo. Ndiponso mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT, imene ikupereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa ku sukulu za pulayimale, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu, aliyense molingana ndi pamene wafika. Ana amenewa akubwera kuno. Adzalowa Fomu 1 atazolowera kale kuphunzira ndi makina, ndipo adzatipeza monga mmene tidzakhalire.

Kunja kwa dziko lino, mu 2024 mphoto ya Nobel ya Chemistry anagawana David Baker, Demis Hassabis ndi John Jumper. Awiri omalizawa anapanga AlphaFold, makina olosera maumbidwe a mapuloteni, tizinthu timene timagwira ntchito zambiri m'thupi la chamoyo chilichonse. Kale wofufuza ankatha zaka kuti adziwe maumbidwe a puloteni imodzi. Lero maumbidwe oposa 200 miliyoni oloseredwa ndi makinawa aikidwa poyera kuti aliyense awaone mwaulere. Koma taonani chinthu chimodzi. AlphaFold inaphunzira kuchokera ku ntchito imene anthu anagwira m'malabotale kwa zaka zambiri, ndipo zimene imalosera ofufuza amakazitsimikizabe mu labotale. Chimodzimodzi ku Bangwe kuja: kompyuta ikakayikira chithunzi, wodwala ankaperekabe makhololo kuti akayezedwe. Makina amaloza njira, koma wotsimikiza amakhala munthu.

Zimene angatichitire m'kalasi

Tonse tikudziwa mmene zinthu zinayendera. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera. Khomo linatsegukira ana ambiri, ndipo ichi chinali chabwino, koma malabotale, mabuku ndi aphunzitsi a sayansi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Ambiri mwa ife muno tinaidziwira test tube pa bolodi, itajambulidwa ndi choko. Tinaloweza mitundu imene mankhwala amasintha popanda kuiona ndi maso.

Pamenepa makina anzeru angathandize m'njira zingapo. Choyamba, satopa ndipo saseka munthu. Mtsikana amene amachita manyazi kukweza dzanja pamaso pa anyamata angathe kufunsa funso limodzi kakhumi, nthawi iliyonse n'kupempha kuti amufotokozere mwa njira ina, kufikira atamvetsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ana ambiri amene analephera sayansi sanali mbuli ayi, ankangoopa kufunsa.

Chachiwiri, angapepuze mphunzitsi. Alipo aphunzitsi amene anaphunzira za Geography koma anapatsidwa Physics chifukwa panalibe wina. Mphunzitsi wotere angathe kukonzekera phunziro madzulo, kupempha mafunso oyeserera a misinkhu yosiyanasiyana, ndi kufunsa njira zoyesera zinthu pogwiritsa ntchito zimene zili pafupi. Nthawi imene akanaitaya pokopera mafunso angaigwiritse ntchito poyendera ana amene akutsalira.

Chachitatu ndi chilankhulo. Mwana amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: sayansi ndi Chingerezi. Kawirikawiri chimene chamugwetsa ndi Chingerezicho. Makina angathe kumufewetsera chiganizo chovuta kuti aone mfundo imene yabisala m'kati mwake.

Chikomekome cha mkuyu

Tsopano ndinene mbali inayo. Paja ndati makinawa amalosera mawu otsatira. Choncho amatha kupeka bodza ndi kulinena mosadodoma, m'Chingerezi chosalala kuposa cha mphunzitsi aliyense. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipitsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa anapereka kwa woweruza milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, yoti siinachitikepo n'komwe. Ngati maloya ophunzira anagwa m'mbuna imeneyi, nanga mwana wa Fomu 2? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayi wa manachesi uja akakunamizani, mawa mudzamupeza pamalo pomwepo ndipo adzachita manyazi. Makina sanalawepo chipatso, ndipo manyazi sawadziwa.

Vuto lina n'lakuti zambiri zimene makinawa anawerenga zinalembedwa kunja. Za tirigu ndi maapozi akudziwa zambiri. Za nthaka ya ku Thambani, za mvula ya kuno, za matenda amene akugwira mitengo yathu ya zipatso akudziwa pang'ono. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, koma zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Chingerezi, motero makina amalakwitsa kwambiri akamalankhula chilankhulo chathu.

Koma choopsa kwambiri ndi ulesi wa m'mutu. Mwana akapatsidwa ntchito yokachitira kunyumba, n'kuikopera mu foni, n'kulemba yankho mu kope, mphunzitsi adzachonga ndipo onse adzakondwa. Komatu m'mutu mwa mwanayo simunalowe kanthu. Zili ngati kutuma munthu wina kuti akakuthamangireni kenako n'kumayembekeza kuti miyendo yanu ilimba. Tsiku la mayeso a MANEB foni imatsala kunja, ndipo pa mayeso ochita ndi manja mwana amakhala yekha ndi zipangizo pa tebulo. Kuposa apo, tsiku limene adzakhale namwino, mlangizi wa zaulimi kapena wokonza magetsi, moyo wa anthu udzadalira zimene akudziwadi.

Labotale ili pakhomo pathu

Nanga tichite bwanji? Yankho langa n'lakuti chilichonse chimene makina anena chikhale chiyambi cha kuyesa. Ndipereke zitsanzo za zinthu zimene zili pakhomo pa aliyense muno.

Amayi athu amatcheza chidulo kuchokera ku phulusa kuti aphikire therere. Chidulo ndi alkali, pomwe madzi a mandimu ndi asidi. Mukaviika chidede m'madzi otentha mumapeza madzi ofiira amene amasintha mtundu: mukadonthezera mandimu amafiira kwambiri, mukadonthezera chidulo amasanduka obiriwira. Mwana afunse makina kuti chidzachitike n'chiyani akasakaniza zinthuzi, alembe yankholo, kenako asakanize yekha ndi kuona. Akatero afunsenso chifukwa chake chidulo chimafewetsa ndiwo msanga, ndi chifukwa chake a zaumoyo amati chimaononga mavitamini ena. Apa Chemistry yakumana ndi mphika wa agogo ake.

Chitsanzo china ndi cha Vitamin C. Mukasungunula ufa pang'ono wa chinangwa m'madzi otentha, n'kuwasiya azizire, n'kuthirako kadontho ka iodine, madziwo amada bii mobiriwira ngati inki. Vitamin C amachotsa mtundu umenewu. Tsono ana adonthezere madzi a manachesi dontho limodzilimodzi, akuwerenga, kufikira mtundu utatha. Achitenso chimodzimodzi ndi mandimu, magwafa ndi malambe, atasungunula chipatso chilichonse pa muyeso wofanana. Chipatso chofuna madontho ochepa ndiye chili ndi vitamini wambiri. Ambiri adzadabwa kupeza kuti magwafa, amene timangowaponda m'njira, aposa manachesi amene boma lathu limatchuka nawo. Ayesenso madzi amene awiritsidwa ndi amene akhala padzuwa tsiku lonse. Akasonkhanitsa manambala awo, pamenepo makina angawathandize kujambula girafu ndi kuunika ngati kusiyana kumene apeza n'kwenikweni.

Ngakhale magetsi tingawayese. Msomali wokutidwa ndi zinki ndi waya wa kopa mukazibaya mu ndimu zimatulutsa mphamvu yochepera pang'ono pa volt imodzi. Makina adzakuuzani zimenezi m'kamphindi. Koma mwana amene walumikiza mandimu anayi, kababu kakang'ono ka LED n'kukana kuyaka, iye n'kufufuza mpaka atapeza kuti anatembenuza miyendo yake, waphunzira chinthu chimene sadzachiiwala moyo wake wonse.

Ndipo tsiku limene zotsatira za ana zidzasiyane ndi zonena za makina, limenelo ndiye tsiku labwino koposa. Afunse kuti walakwa ndani: ife kapena makina? Abwereze, ayeze bwino, akambirane. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "umboni wake uli pati?" sadzapusitsidwa ndi makina, ngakhalenso ndi wogulitsa mankhwala abodza pa depoti.

Tonse tinamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lotchedwa Using Energy mu kanyumba kowerengeramo mabuku kwawoko, ndipo anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakutha ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College, pomwe paja panabadwira dzina la Artificial Intelligence. Bukulo linalipo pa shelefu kwa aliyense. Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti iye anapita kukayesa. Makina anzeru ali ngati buku lalikulu limene limayankha mukalifunsa. Mwana wa mtima wa Kamkwamba adzapita nalo patali kuposa mmene tingaganizire, koma wongokopera adzatsala pomwe ali.

Pempho langa kwa inu

A Wapampando, ndili ndi mapempho asanu amene ndikufuna msonkhano uno uwaganizire.

Loyamba, ndalama zathu ziyambire ku labotale. Tigule zipangizo zoyezera: masikelo, ma thermometer, mabotolo a galasi, mamita oyezera magetsi, maikulosikopu ngakhale awiri, ndi mankhwala ofunika pa silabasi. Popanda zimenezi, kompyuta idzangokhala bolodi lina lojambulapo test tube.

Lachiwiri, tiike magetsi a dzuwa okhala ndi mabatire odalirika. Amenewa adzaunikira ana powerenga madzulo ndi kutchaja zipangizo, ndipo iwo eni ndi phunziro la Physics loti ana aziliona ndi maso.

Lachitatu, tigule makompyuta kapena matabuleti ochepa, koma tiike padera ndalama ya intaneti ndi yokonzetsera ya chaka chonse. Taona m'malo ambiri mphatso zotere zikuchita fumbi m'kabati chifukwa wopereka sanaganizire za mawa. Zipangizozi zikhale m'manja mwa aphunzitsi a sayansi, ana azizigwiritsa ntchito m'magulu, atsikana ndi anyamata mofanana.

Lachinayi, tiyambe ndi aphunzitsi. Pakati pathu pali amene akugwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Johannesburg. Abwere pa tchuthi, akhale masiku awiri kapena atatu ndi aphunzitsi athu, awaonetse kafunsidwe kabwino ndi njira zogwirira bodza la makina. Agwirizanenso malamulo osavuta: mwana ayambe wayesa yekha asanafunse makina, anene poyera pamene wathandizidwa, atsimikize yankho m'buku kapena mu labotale, ndipo asaike dzina lake, chithunzi chake kapena za kwawo m'makinamo.

Lachisanu, tikhazikitse mphoto ya pachaka ya kafukufuku wa ana pa zinthu za kuno kwathu: matenda a mitengo ya zipatso, kasungidwe ka manachesi kuti asaolere pamsewu, ukhondo wa madzi a m'zitsime, kukokoloka kwa nthaka m'mapiri athu. Zimene apeze azilembe m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, ndipo tizizisindikiza m'kalata yathu ino. Potero ana a kwa Kanduku sadzakhala ongolandira nzeru za ena, koma adzaonjezerapo zimene dziko silinazidziwe, zimene ngakhale makinawo sanaziwerengepo.

Amayi ndi abambo, khasu silinalande mlimi ntchito, ndipo magalasi a maso sawerengera munthu kalata. Chida chimakuza mphamvu imene munthu ali nayo kale. Udindo wathu ndi kuonetsetsa kuti ana amene akukhala pa madesiki amene tinakhalapo ife ali ndi mphamvu imeneyo: maso openya bwino, manja ozolowera kuyesa, ndi mtima wosavomera chinthu popanda umboni. M'mera mpoyamba. Tikachedwa, ana a m'sukulu za m'tauni adzatisiya kutali kuposa mmene atisiyira kale, ndipo tikathamangira kugula zonyezimira popanda maziko, tidzataya ndalama ndi ana omwe.

Sukulu ino inatilera ndi zochepa zimene inali nazo. Tsopano ndi nthawi yathu. Pamene a Msungichuma ayambe kuyendetsa buku la zopereka, aliyense alembe monga mmene angathere, ndipo amene alibe ndalama alembe tsiku limene adzabwere kudzathandiza ndi luso lake.